Mphaka wokalamba akamathothoka ubweya: poyambira kufufuza

Mphaka akafika zaka 10 kapena 12 n'kuyamba kuoneka zigamba zopanda ubweya, ambiri pakhomo amangoti, "Wakalamba basi." N'zoona kuti ukalamba umasintha ubweya. Umasiya kunyezimira, umapyapyala pang'ono, ndipo imvi zimatulukira kumaso. Koma ukalamba pawokha susiya dazi pamimba kapena pamsana. Pamene pali chigamba pali chimene chachititsa, ndipo kwa mphaka wamkulu khungu ndi limene kawirikawiri limayamba kuulula vuto lobisika mkati mwa thupi.

N'chifukwa chake vutoli limavuta kutha. Munthu amapaka mankhwala pachigambapo, ubweya umamera, pakangopita miyezi iwiri wasosokanso pomwe paja. Amakhala atalimbana ndi chigamba, pamene chochititsa chikadali pomwepo.

Akuuzula yekha, kapena ukugwa wokha?

Musanagule mankhwala alionse, yankhani funso limeneli, chifukwa limagawa zinthu pawiri. Mukhazikeni mphakayo pamiyendo panu, pamalo owala bwino, ndipo muyendetse chala pachigambapo mobwerera, motsutsana ndi mmene ubweya wagonera. Mukamva tiubweya tatifupi tolasa chala ngati ndevu zometa dzana, ndiye kuti mizu ili moyo, mphakayo ndi amene akudula ubweyawo ndi lilime. Lilime la mphaka lili ndi timinga toloza kukhosi, ndipo akamanyambita malo amodzi tsiku ndi tsiku ubweya umaduka. Mukapeza khungu losalala, lopanda chilichonse cholasa, kokani pang'ono ubweya wa m'mphepete mwa chigambacho. Ukamachoka wochuluka popanda kulimba, ndiye kuti ukugwa wokha kuchokera kumizu.

Amphaka ambiri othothoka ubweya ali m'gulu loyambalo. Musadalire zoti simunamuonepo akudzinyambita. Mphaka amachita zimenezi usiku kapena kuseri, makamaka ngati munamukalipirapo. Umboni wake ndi mipukutu ya ubweya imene amasanza, ubweya wa m'chimbudzi chake, ndi wina wotsalira m'mano akutsogolo.

Pali malo amodzi amene sayenera kukudetsani nkhawa. Pakati pa diso ndi khutu amphaka ambiri amakhala ndi ubweya wochepa mwachibadwa, ndipo zimaoneka kwambiri pa amphaka akuda. Ngati khungu lake ndi losalala, lopanda nkhanambo, palibe matenda. Chimodzimodzinso ubweya umene umayoyoka thupi lonse kukayamba kutentha mu Seputembala ndi Okutobala: umadzaza pamipando, koma susiya dazi.

Utitiri, ngakhale simukuuona

Ngati akuzula yekha, yambani ndi utitiri. Apa ndi pamene anthu ambiri amatsutsa: "Ndamuyang'ana thupi lonse, ndilibe chomwe ndaona." Mphaka amene malovu a utitiri amamuwenga amadzinyambita mwamphamvu moti amameza utitiri wambiri umene wamugwera. Kulumidwa kangapo chabe kumatha kumuyabwitsa masiku ambiri. Zigamba zake zimakonda kumsana chakumchira, kuseri kwa ntchafu, m'mbali ndi pamimba. Nthawi zambiri pamakhalanso timankhanambo ting'onoting'ono pakhosi ndi pamsana, timene mumatimva ndi chala musanatione ndi maso.

Njira yodziwira ndi yosavuta. Nyowetsani pepala loyera kapena kansalu koyera, muimitsepo mphakayo, mumupese ndi chipeso cha mano othinana kuyambira pakhosi mpaka patsinde pa mchira. Timadontho takuda tidzagwera papepalapo. Dikirani mphindi imodzi. Ngati ndi fumbi wamba, tidzakhala takuda choncho. Ngati ndi ndowe za utitiri, tidzasungunuka n'kusiya mkombero wofiirira, chifukwa ndi magazi a mphaka wanu amene utitiri unayamwa. Tizidutswa toyera toyenda pang'onopang'ono pansi pa mchira ndi umboni winanso: ndi njoka zam'mimba zimene mphaka amatenga akameza utitiri.

Chimene chimabwezeretsa vutoli ndi ichi. Utitiri umene uli pathupi pa mphaka ndi gawo laling'ono kwambiri, pafupifupi 5 pa 100 alionse. Wotsalawo uli m'nyumba ngati mazira, mphutsi ndi zikwa: m'thumba limene amagonapo, pansi pa bedi, m'ming'alu ya simenti, m'mipando, m'fumbi la pamthunzi kuseri kwa khitchini. Utitiri waukazi umodzi umatha kuikira mazira 40 mpaka 50 patsiku, ndipo kukamatentha dzira limakhala utitiri woluma pakangotha milungu iwiri kapena itatu. Zikwa zimatha kudikira miyezi ingapo. Mukapha wa pathupi lero, sabata yamawa wina watulukira pansi.

Choncho mankhwala a utitiri sapakidwa kamodzi. Gulani opangidwira amphaka, monga okhala ndi fipronil, selamectin kapena imidacloprid, amene amadonthezedwa mwezi ndi mwezi, kapena fluralaner ya amphaka imene imagwira milungu 12. Patulani ubweya kumbuyo kwa khosi, pamene lilime silifika, mudontheze pakhungu penipeni osati pamwamba pa ubweya, ndipo musamusambitse kwa masiku awiri. Pitirizani miyezi itatu osadumphitsa, ngakhale ubweya utayamba kumera. Mphaka ndi galu aliyense wa pakhomo alandire mankhwala ake pa nthawi imodzi. Zogonera zichapidwe ndi madzi otentha n'kuyanikidwa padzuwa sabata iliyonse, ndipo zinyalala zimene mwasesa m'makona muziwotche.

Pakhomo pamene pali nkhuku yang'ananinso m'mphepete mwa makutu, kuzungulira maso ndi pakati pa zala. Utitiri wa nkhuku sudumphadumpha. Umakanirira pamalo amodzi uli mulu, timadontho takuda tosasuntha, n'kusiya zilonda ndi dazi m'makutu. Mphaka wokalamba amene amakonda kugona pafupi ndi khola ndiye umamupeza msanga, ndipo sudzatha mpaka khola nalonso litasamalidwa.

Zimene zimapha mphaka m'malo momuchiza

Ndikuchonderera pamenepa, chifukwa amphaka ambiri amafa ndi chithandizo cha anthu owafunira zabwino. Mphaka si galu wamng'ono. Chiwindi chake sichitha kuphwanya mankhwala ena amene galu ndi munthu amaphwanya mosavuta.

Mankhwala a utitiri a agalu okhala ndi permethrin, monga Advantix, ndi poizoni kwa mphaka, ngakhale atangogona mokhudzana ndi galu amene wangopakidwa kumene. Dibi wa ng'ombe ndi mbuzi musamuyandikitse, ngakhale mutamusungunula chotani. Mankhwala opopera udzudzu ndi mphemvu, ufa wosungira chimanga, oyilo wakuda wa galimoto, palafini, Dettol ndi Jeyes Fluid, zonsezi zimawotcha khungu kapena kulowa m'magazi, ndipo chilichonse chimene mwapaka mphaka amachinyambita. Panado ndi mankhwala ena onse okhala ndi paracetamol ndi oopsa koposa: piritsi limodzi limatha kupha mphaka.

Ngati wina wamupaka kale dibi kapena mankhwala a galu ndipo mukuona kunjenjemera, dovu, kudzandira kapena kukomoka, musambitseni msanga ndi madzi ofunda pang'ono ndi sopo wotsukira mbale, mumupukute, mumufunditse, n'kuthamangira naye kwa dokotala wa ziweto tsiku lomwelo.

Chipere, mphere ndi zilonda

Chipere chimadziwika kuti ndi cha ana amphaka, koma chimabwereranso ku ukalamba chitetezo cha m'thupi chikafooka. Chimapanga zigamba zozungulira kapena zosalongosoka, zotuwa, zokhala ndi timamba, makamaka kumaso, m'makutu ndi m'miyendo yakutsogolo. Nthawi zina sichiyabwa n'komwe. Chimapatsirana ndi anthu, choncho funsani ngati pali mwana pakhomo amene watuluka zipere m'mutu kapena m'manja. Dokotala amatha kuunika ndi nyali yapadera imene imawalitsa ubweya wodwala mobiriwira, koma si chipere chonse chimene chimawala. Kutsimikiza kwenikweni kumafuna kuti ubweya upimidwe ku labu, ndipo zotsatira zimatha kutenga milungu iwiri kapena itatu. Chithandizo chake ndi mankhwala akumwa monga itraconazole pamodzi ndi osambitsa, kwa milungu yosachepera 6. Tizilombo take timatha kukhala m'nyumba kupitirira chaka, ndiye pansi ndi malo ena olimba muzikolopa ndi Jik wosungunula, gawo limodzi pa magawo 10 a madzi, mphaka ali panja mpaka paume. Musapake mafuta a anthu okhala ndi steroid (mankhwala oziziritsa kutupa ndi kuyabwa) monga betamethasone: kufiira kumachepa, koma chipere chimafalikira.

Mphere ya amphaka imayambira m'mphepete mwa makutu n'kufalikira kumaso ndi kukhosi, ndi nkhanambo zokhuthala komanso kuyabwa kosagonetsa. Kukanda kuseri kwa makutu limodzi ndi phula lakuda louma m'khutu kumaloza ku nthata za m'makutu. Nsabwe nazo zimakonda mphaka wokalamba amene wasiya kudzisamalira. Mazira ake oyera amamatirira paubweya ndipo sachoka mukawakutumula. Pali nthata zina, zotchedwa Demodex cati, zimene zimachuluka thupi likafooka ndi shuga kapena matenda ena aakulu. Zikapezeka pa mphaka wamkulu, kapenanso chipere chikamabwerabwera, pemphani kuti amuyeze magazi, kuphatikizapo FIV ndi FeLV, mavairasi awiri amene amafooketsa chitetezo cha amphaka. Amenewa sagwira anthu.

Chigamba chimodzi chotupa, chotentha, chopweteka mukachikhudza, makamaka patsaya kapena patsinde pa mchira, kawirikawiri ndi chithupsa cha bala la ndewu. Chimafuna kutsukidwa ndi dokotala. Popeza chiwewe chilipo m'dziko muno, nenani ngati mphakayo sanabayidwe katemera, ndiponso ngati simukudziwa chimene chinamuluma. Ndipo mphaka woyera amene nsonga za makutu kapena mphuno zikuthothoka, kufiira, n'kumachita nkhanambo zimene zimachoka n'kubwerera, musamuchedwetse. Dzuwa limayambitsa khansa ya pakhungu pamalo amenewa, ndipo ikagwidwa msanga imachotsedwa ndi opaleshoni.

Ululu umene mphaka sanena

Ichi ndi chimene chimasiyanitsa kwambiri mphaka wokalamba ndi wamng'ono, komanso chimene chimaiwalika kwambiri. Mphaka salira ndi nyamakazi ndipo kawirikawiri satsimphina. Amanyambita pamene pakupweteka. Kafukufuku wina wa ku America wa mu 2002 anaona zithunzi za X-ray za amphaka 100 opitirira zaka 12, ndipo 90 mwa iwo anali ndi zizindikiro za kuwonongeka kwa mfundo za mafupa. Ndiye mukaona dazi pamwamba pa chiuno chimodzi, pabondo, pachigongono kapena pamsana, ganizirani za fupa limene lili pansi pake.

Kumbukirani mmene ankachitira zaka ziwiri zapitazo. Kodi akadakwerabe pazenera kapena pampanda? Kodi amayamba waima kaye, n'kuyang'ana m'mwamba kangapo asanadumphe, kapena amadzera pampando? Potsika, kodi amatsetsereka ndi miyendo yakutsogolo m'malo modumpha? Zikhadabo zotalika mpaka kupindikira m'mapazi, kulusa mukamugwira m'chiuno, ndi kudzithandiza pafupi ndi khomo pamene kale ankapita kutali, zonsezi ndi mbali ya nkhani yomweyo. Nyamakazi imabweretsanso vuto lina losiyana: mphaka amalephera kupindika kuti afike kumsana, ubweya umapotana n'kukhala zibuma, ndipo zibumazo zikachoka zimasiya khungu lopanda kanthu. Musazidule ndi sizasi. Khungu la mphaka wokalamba ndi lopyapyala ndipo limakokeka n'kulowa m'chibumacho.

Mankhwala ochepetsa ululu a amphaka alipo, monga meloxicam, koma ndi dokotala yekha amene angapereke mlingo wake, atayamba waona ngati impso zili bwino. Kunyumba mungathandize ndi malo ogona ofewa ndi ofunda, makamaka mu Juni ndi Julayi, kabokosi kopondapo pokwera pamalo amene amawakonda, ndi kumupesa pang'ono tsiku lililonse kumene iye sakufikako.

Dazi la pansi pa mimba, pakati pa miyendo yakumbuyo, lingachokere ku ululu wa m'chikhodzodzo. Onani ngati akukodza pafupipafupi, pang'onopang'ono, kapena mkodzo wa magazi. Mphaka wamwamuna amene akudzikakamiza koma mkodzo osatuluka ali pangozi: njira yatsekeka, ndipo angafe pasanathe masiku awiri kapena atatu.

Muyezeni pasikelo

Ubweya umabisa kuonda. Muikeni m'chikwama kapena m'dengu, mumupachike pasikelo yonga ya ogula mbewu, muchotsere kulemera kwa chikwamacho, ndipo mulembe. Bwerezani milungu iwiri iliyonse. Mphaka wa makilogalamu 4 akataya magalamu 400 wataya gawo limodzi mwa magawo 10 a thupi lake, ndipo chimenecho si chaching'ono. Kuthothoka kwa ubweya kukamayenda limodzi ndi kuonda, nkhani yachoka pakhungu.

Choyamba kuganizira ndi chithokomiro, kachiwalo ka pakhosi kamene kamalamulira liwiro limene thupi limagwiritsira ntchito chakudya. Matenda a chithokomiro chogwira ntchito mopitirira muyezo anazindikiridwa mwa amphaka mu 1979, ndipo lero ali m'gulu la matenda ofala kwambiri mwa opitirira zaka 10. Mphaka wake amadya modabwitsa, amaba ndiwo, amalirira chakudya usiku, koma akuonderaonderabe. Amamwa madzi ambiri, sakhazikika, mtima umathamanga, ndipo ubweya umakhala wonyankhalala, wamafuta, kapena amauzula yekha m'mbali. Kuyeza m'magazi kuchuluka kwa T4, mchere wa m'thupi umene chithokomiro chimatulutsa, kumapereka yankho. Mapiritsi a carbimazole kapena methimazole amathandiza kwambiri, ngakhale kuti amamwedwa moyo wonse. Dziwaninso kuti amphaka ena mapiritsi omwewa amawayabwitsa kumaso ndi kukhosi mpaka kudzikanda zilonda. Zikatero bwererani kwa dokotala msanga.

Shuga ndi matenda a impso nazonso zimaumitsa ubweya n'kuupyapyalitsa, ndipo chizindikiro chake chachikulu ndi ludzu ndi mkodzo wambiri.

Pali chifukwa china chimene chimapezeka kwambiri m'makomo mwathu. Amphaka ambiri kuno amawetedwa chifukwa cha makoswe, ndipo pambale amalandira nsima ndi msuzi wotsala. Ali wamng'ono zimayenda, chifukwa nyama amadzipezera yekha kunkhokwe ndi kumunda. Akakalamba, mano akaguluka, miyendo ikauma, amasiya kusaka, koma mbale yake imakhala yomwe ija. Mphaka thupi lake linapangidwira nyama, ndipo ubweya umamangidwa ndi mapuloteni. Nsima yokha singamusunge. Muonjezereni nyama, nkhuku, dzira lophika kapena nsomba zophika zopanda mchere wambiri ndi zopanda anyezi, kapena chakudya cha amphaka cha m'sitolo ngati thumba likulola. Tsegulaninso kukamwa muone: nkhama zofiira, fungo loipa ndi dovu zimasonyeza kuti kudya ndi kudzinyambita komwe kukumupweteka.

Chizindikiro chimodzi n'chosowa, koma ndi bwino kuchidziwa. Mphaka wamkulu akathothoka ubweya mofulumira pamimba ndi mkati mwa miyendo, khungu n'kukhala losalala ndi lonyezimira, ubweya n'kumachoka mukangoukhudza, iye akuonda ndi kukana chakudya, kawirikawiri pamakhala khansa ya kapamba kapena ya m'chiwindi. Apa musataye milungu mukuyesa mankhwala a utitiri.

Chakudya chomuwenga, ndi nkhawa

Utitiri ukathetsedwa kwa miyezi itatu koma kuyabwa kukadalipo, makamaka kumutu ndi kukhosi, ganizirani chakudya. Zimene zimawenga amphaka kawirikawiri ndi nsomba, nyama ya ng'ombe, nkhuku ndi mkaka, ndipo zimatha kuyamba ngakhale wadya chakudyacho kwa zaka. Njira yodalirika ndi kumupatsa mtundu umodzi wa nyama imene sanadyepo, kapena chakudya chapadera cha kwa dokotala, kwa milungu 8 popanda china chilichonse, kenako n'kubwezeretsa chakale kuti muone ngati kuyabwa kubwerere. Kwa mphaka woyendayenda kwa aneba n'zovuta, ndipo kwa woonda kale musayambe nokha.

Nkhawa iikeni kumapeto. Imachitikadi: kusamuka, mphaka watsopano, galu wovuta, imfa ya munthu amene ankamuzolowera. Koma ku Canada mu 2006 anapima mosamala amphaka 21 amene ankaganiziridwa kuti akudzizula ubweya chifukwa cha nkhawa, ndipo 16 anapezeka ndi matenda enieni a m'thupi. Awiri okha ndi amene vuto lawo linali la maganizo lokha.

Popita kwa dokotala

Pitani tsiku lomwelo ngati sakukodza, wapakidwa poizoni, kapena watha tsiku lathunthu osadya. Pitani sabata yomweyo ngati akuonda, akumwa madzi mopitirira, khungu likunyezimira kapena kung'ambika mosavuta, pali zilonda zosapola, kapena anthu pakhomo ayamba zipere. Ku Lilongwe kuli chipatala cha ziweto cha bungwe la LSPCA, ku Blantyre kuli cha BSPCA, kuonjezera pa madokotala oyima paokha. M'maboma ena yambirani ku ofesi ya zaulimi kwa alangizi a ziweto, ndipo pogula mankhwala m'sitolo werengani nokha pa paketi kuti alembapo mphaka.

Tengani zithunzi za chigambacho zojambulidwa sabata ndi sabata pafoni, manambala a pasikelo, ndi mapaketi a chilichonse chimene munapaka kapena kumumwetsa. Mukapatsidwa jakisoni woletsa kuyabwa, funsani ngati ndi steroid. Amathandizadi, ndipo nthawi zina ndi wofunika, koma amangoziziritsa kuyabwa osachotsa chochititsa. Akamabwerezedwa mwezi ndi mwezi pa mphaka wokalamba amatha kubweretsa shuga, kupyapyalitsa khungu ndi kukulitsa chipere.

Chochititsa chikapezeka, kunyambita kumayamba kuchepa pasanathe milungu iwiri kapena itatu, tiubweya tofewa timaoneka pakatha mwezi umodzi, ndipo chigamba chimatsekeka pakati pa miyezi iwiri ndi inayi, mochedwerapo kwa mphaka wamkulu kwambiri. Nthawi zina ubweya watsopano umamera wosiyana mtundu pang'ono. Chigamba chikabwerera, onani tsiku limene munadontheza komaliza mankhwala a utitiri, bwerezani kupesa papepala lonyowa, ndipo mumuikenso pasikelo. Ngati zonse zitatu zili bwino, pemphani kuti apale khungu akaliyang'ane pa maikulosikopu ndiponso ayeze magazi ndi mkodzo.